Njinga ya Amalume Itasiya Kufuka

Amene anakulira kumudzi m'zaka za m'ma 1990 amaidziwa Yamaha DT 125 isanatulukire n'komwe. Amaidziwira kulira kwake kosongoka ndi utsi wabuluu umene imasiya m'mbuyo. Inali njinga ya alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi ogwira ntchito m'mabungwe, chifukwa ndi yopepuka, ndi yotalika, ndipo matope a m'dambo saiopsa. Amalume anga anayenda pa njinga yotere zaka zambiri ali mlangizi m'boma la Dedza, ndipo atapuma pa ntchito anadzigulira yawoyawo, yoyendapo kale. Njinga imeneyi ndi imene ine ndinaiphera injini, ndipo ndinaipha pofuna kuikonza.

Kumapeto kwa 2024, mafuta atasowa m'dziko muno, ifenso tinkagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, wosadziwika kumene wadutsa. Posakhalitsa amalume anayamba kutupa miyendo, magazi akuthamanga, ndipo njinga inalowa m'chipinda chosungiramo chimanga. Inakhala momwemo dzinja lonse, m'thanki muli petulo pang'ono, kampopi kake kali kotsekula. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene anayamba kumutcheza ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Pa njinga yoyenda tsiku ndi tsiku mafuta amenewa savuta. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhalitsa amauma n'kusiya utomoni. Zonsezi zimakadikha malo amodzi, pansi pa kabuleta.

Mwezi wa June utafika, amalume anali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala ku chipatala cha ku Dedza. Tinaitulutsa njinga ija n'kuthira petulo watsopano. Inkalira choki ikakhala yokoka, ukangoibweza n'kuzima, ndipo petulo ankadontha pansi pa injini. Amalume anamvetsera atatsamira ndodo yawo.

"Ndi kabuleta iyo, mphwanga, yangoda basi. Upite nayo pa Chimbiya, kuli amakaniko achikulire aja. Akaitsuke."

Anandipatsa ndalama yake. Ine ndinali ndi changa mumtima. Ndinkafuna kuti amalume adzandisiyire njingayo ndizichita kabaza pakati pa Linthipe ndi midzi yathu, ndipo ndinkaganiza kuti ndikaikonza ndekha adzaona kuti ili m'manja mwa munthu woidziwa. Ndinali nditaonera mavidiyo pa YouTube, anthu akumasula kabuleta n'kuibwezera mosavuta. Ndinayala thumba la feteleza kuseri kwa nyumba, n'kuyamba.

Kabuleta ya njinga iyi ndi Mikuni, dzina lake n'lodinda pambali. Ndi kachitsulo kokwana m'dzanja, koma ntchito yake ndi yosamalitsa kwambiri. Mpweya umene injini ikukoka umadutsa pa khosi lopapatiza, umathamanga, ndipo pothamangapo umayamwa petulo kuchokera m'kambale ka pansi kudzera m'timabowo ta majeti. Muyezo wake ndi pafupifupi magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera. Petulo akachuluka pulagi imada ndipo njinga imatsamwa. Akachepa injini imatentha. M'kambalemo muli fuloti imene imayandama, ndipo petulo akakwana imakankha kasingano kotseka njira. Jeti yaikulu imagwira ntchito ukamathamanga, yaing'ono ndi imene imachititsa kuti njinga izilira yokha itaima. Bowo la yaing'onoyo ndi lochepa kuposa singano yosokera.

Masikuluu a kambale anandikanika msanga. Mitu ya masikuluu a njinga za ku Japan imaoneka yofanana ndi ya mtanda imene tinazolowera, koma ndi yosiyana pang'ono, ndipo sikuludiraiva yanga yakutha ija inangoinyenya. Ndinawatulutsa ndi pulayasi. Kambale katatseguka, kunatuluka fungo lowawasa la petulo wakale. Pansi panali utomoni wobiriwira wonanda, ufa woyera wa chitsulo chodyeka ndi madzi, ndi dothi lofiira la m'zigubu muja. Jeti yaing'ono inali yotsekeka ndithu; nditaiyang'anitsa kudzuwa sipanaoneke kuwala. Ndinatenga singano ya amayi n'kuibaya mpaka inaboola.

Ndikanalekera pomwepo, nkhani ino ikanakhala ya jeti imodzi yowonongeka. Koma ndinafuna kufika pa kasingano kotseka petulo kaja, poti ndi kamene kankachititsa kudontha, ndipo kuti ukafike uyenera kuchotsa fuloti. Fuloti imapachikika pa kamtanda kachitsulo kodutsa m'timizati tiwiri, ndipo timizatito n'toumbidwa pamodzi ndi thupi la kabuleta. Kamtandako kanali katagwira ndi utomoni. Ndinakakankha ndi chala, ndi pulayasi, osasuntha. Ndinatenga msomali, n'kuuika kumapeto kwake, n'kumenya ndi hamala. Sindinamenye mwamphamvu. Ndinangomva kuti thyo, kamzati kamodzi kali pa thumba paja, pothyokapo pali mbee, potuwa ndi pa mchengamchenga.

Ndinakhala pansi nthawi yaitali kachidutswako kali m'manja. Chitsulo cha kabuleta n'chofewa, si chimene owotcherera mageti pamsika angalumikize. Madzulo ndinakamata ndi guluu wosakaniza uja amati amagwira zitsulo, ndipo kutacha kanaoneka kolimba. Nditathira petulo m'kambale guluu uja anafewa, kamzati kanapendama, petulo n'kumatuluka kuposa kale.

Apa ndi pamene ndinayenera kulowa m'nyumba n'kukawauza amalume. Anali pakhonde pomwepo, miyendo atasanjika pa mpando. Ndinawadutsa n'kunena kuti kwatsala pang'ono. Mawa lake ndinagulitsa soya wanga wina, ndinawonjezera pa ndalama ya amakaniko ija, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe, amayi nditawauza kuti ndikukaona mnzanga wodwala.

Ku Malangalanga zipangizo za njinga zamoto n'zosayamba, chifukwa kabaza wadzaza mzinda. Ndinalowa m'sitolo ina, mnyamata wogulitsa n'kundifunsa kuti njinga yanji. Ndinati ya 125. Sindinanene kuti ndi DT, sindinanene kuti ndi yomwa oyilo wa 2T, ndipo kabuleta yothyokayo ndinali nditaisiya kunyumba, nditaibisa m'nkhokwe. Ndinangomuonetsa chithunzi cha pafoni. Anatulutsa bokosi, m'kati muli kabuleta yatsopano ili waliwali, yopanda dzina lililonse.

"Iyi imalowa, bwana. Kamwa yake ndi yomweyo."

Sananame. Inalowa. Anandigulitsa chimene ndinapempha.

Ndinaimanga usiku ndi tochi ya pafoni, kuti m'mawa amalume asaione ili padera. Inakhala bwino pa labala wa injini, kebulo inalowa nditaikonzakonza, paipi ya petulo inalowa. Panatsala kapaipi kamodzi kakuda, kowonda, kochokera kumunsi kwa injini chakumanja. Pa kabuleta yakale panali kamlomo kakang'ono pambali pamene kapaipiko kankalowa. Pa yatsopano panalibe. Ndinaitembenuza uku ndi uku, osapeza. Tsono kabuleta iliyonse imakhala ndi timapaipi tolendewera pansi, totulutsira mpweya ndi petulo wosefukira, ndipo ndinadziuza kuti kameneka n'kamodzi ka ito. Ndinakapinda n'kukalowetsa kuseri kwa injini.

Kapaipi kameneko ndi kamene kamadyetsa injini oyilo. Njinga zambiri za kabaza zimene timaona lero zimasunga oyilo pansi pa injini, ndipo oyilo yemweyo amazungulira n'kubwerera. DT si choncho. Pisitoni yake ndi mabering'i a m'kati zimafewetsedwa ndi oyilo amene amalowa pamodzi ndi petulo, n'kupsa naye limodzi. Oyilo wa m'magiya ali payekha, safika kumeneko. Kale eni njinga zotere ankasakaniza okha oyilo m'thanki, mpaka mu 1964 pamene Yamaha inabweretsa pampu yotchedwa Autolube. Pampuyi imakoka oyilo m'kathanki kake n'kumutumiza moyeza, ndipo n'chifukwa chake kebulo ya mafuta ya DT imagawika pawiri, ina kupita ku kabuleta, ina ku pampu. Utsi wabuluu uja ndi oyilo ameneyu akupsa. Mavidiyo amene ndinaonera onse anali a njinga za mtundu winawo.

Kutacha ndinaponda kiki, njinga n'kulira bwino kwambiri, yokha, popanda choki. Inafuka pang'ono ndi oyilo wotsalira m'kati, kenaka utsi unayamba kuchepa. Ndinazungulira nayo bwalo la mpira, pobwera kumbuyo kuli koyera. Ndinasangalala ndi mtima wonse. Ndinaganiza kuti kabuleta yatsopano yachiritsa ngakhale kufuka kumene ndinakulira ndikukuona. Amalume anaimva ali m'nyumba n'kufunsa ngati amakaniko aja anavuta mtengo. Ndinayankha kuti ndatsuka ndekha. Anati, "Wachita bwino," ndipo mawu amenewo ndinawalandira.

Tinanyamuka m'bandakucha, kudakali mdima, kuti tikapeze mzere usanatalike. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuzizira kwa June kumeneko kumalowa m'mafupa. Amalume anavala jekete lawo la ku ntchito ndi chipewa cha ulusi pansi pa chisoti, ndodo ataipingasa pamiyendo. M'kamsewu ka fumbi tinayenda pang'onopang'ono. Titalowa mu M1 ndinatsegula mafuta, ndipo msewu utayamba kukwera, phiri la Chongoni likuoneka m'nkhungu, ndinatsegulanso. Anthu awiri, chitunda, injini yopanda oyilo.

Inayamba ndi kulemera. Ndinkapotokola mafuta koma liwiro linkatsika, ndipo kulira kwake kunasintha, kunauma. Amalume anandigwira phewa.

"Tachepetsa. Injini iyi ikulira bwanji?"

Sanamalize bwino. Tayala lakumbuyo linagwira, njinga n'kuyamba kukhwekhwereza chammbali pa phula.

"Kilachi! Gwira kilachi!"

Ndinagwira. Tayala linamasuka, njinga inagwedezeka n'kuwongoka, tinatsetserekera m'mbali mwa msewu, injini ili zii. Akanapanda kukuwa, tikanagwa tonse pakati pa M1, iwo ndi miyendo yotupa ija. Izi ndimaziganiza kawirikawiri kuposa za ndalama.

Ndinawathandiza kutsika. Injini inkanunkha chitsulo chopsa. Ndinayesa kiki ndi phazi, inali gwa. Kunja kunali kutayera tsopano, ndipo amalume anawerama movutikira, dzanja lina pa ndodo, n'kuyang'ana pansi pa thanki. Anaona kabuleta ikunyezimira. Anapisa dzanja kuseri kwa injini n'kutulutsa kapaipi kaja. Kukamwa kwake kunali dontho la oyilo wofiira, ndipo oyilo wina anali atayenderera pa injini yonse kumbuyo, pa tcheni, mpaka m'mbali mwa tayala. Pampu inali itagwira ntchito yake njira yonse, ikuthira oyilo pamsewu.

"Kabuleta yanga ili kuti?"

Ndinawauza zonse pomwepo, nditagwira chisoti m'manja: singano, msomali, guluu, soya, Lilongwe, nkhokwe. Magalimoto ankadutsa. Anamvetsera osandidula, kapaipi kali m'zala.

"Kuthyola kamzati si mlandu, mphwanga. Ngakhale amakaniko amathyola. Ukanandiuza usiku uja kuti kapaipi katsala, ndikanakuyankha ndili chigonere."

Sananenenso china. Tinadikira minibasi nthawi yaitali, zambiri zikudutsa zodzaza, iwo atakhala pa mwala akunjenjemera. Nditawakweza anakana kuti ndiwaperekeze, anati njinga isatsale yokha. Anakafika mzere utatalika, anaonedwa masana, ndipo anabwera madzulo miyendo itatupa kuposa m'mawa, atayenda pansi kuchokera pamsewu mpaka kumudzi. Ine ndinaikankha njinga kubwerera mpaka ndinapeza kagalimoto konyamula kabichi kamene kanavomera kuikweza.

Amakaniko a pa Chimbiya aja ndi bambo wa imvi, amene anayamba ntchito njinga izi zikadali zambiri. Amalume analamula kuti ndizikhala pomwepo ntchito yonse, ndizigwira sipanala. Atachotsa mutu wa injini n'kukoka silinda, anandipatsa pisitoni kuti ndiione. Mbali ya ku ekizozi inali yokalikakalika kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati mphika wopalidwa ndi mpeni, maring'i atamira m'mizere yake osasunthanso. M'kati mwa silinda munali mutamatirira zitsulo za pisitoni zosungunuka, zoti ukadutsitsa chikhadabo chimakodwa. Kabering'i ka pamwamba kanali katasanduka kabuluu ndi moto. Anagwedeza mkono wa pisitoni m'mwamba ndi pansi, akumvetsera ndi zala, n'kunena kuti bering'i ya pansi yapulumuka, apo ayi bwenzi tikung'amba injini yonse pakati.

Ndinali nditabweretsa kabuleta yakale ija. Anaitembenuza, n'kundionetsa kuti kamtanda kaja kali ndi mbali imodzi yonenepa, ndiye kamatuluka njira imodzi yokha. Ine ndinkakamenyera kumene sikakanatulukira.

"Mukanainyika kaye m'petulo woyera usiku wonse, achimwene. Ndiye kamzati mumakatchinjiriza kunsi, n'kukankha pang'onopang'ono. Jeti sitibaya ndi singano, timapopera mpweya. Onani bowo ili mwalikuza."

Kenaka anatsegula yatsopano ija n'kuika jeti yake yaikulu pambali pa ya Mikuni. Bowo lake linali locheperapo, loyezera injini ya mtundu wina. Anati ngakhale oyilo akanamafika, njinga ikanamayenda ndi petulo wochepa n'kumatentha pa chitunda chilichonse. Anawonjeza kuti amene wasowa polowetsa kapaipi amatha kuthira oyilo wa 2T m'thanki momwemo, mamililita 40 pa lita imodzi ya petulo, n'kuyenda bwinobwino mpaka atapeza kabuleta yoyenera. Botolo la oyiloyo linali pa windo m'chipinda cha amalume nthawi yonseyi.

Chimene chinandikhudza pa bambo ameneyu n'chakuti sanataye kanthu. Kuseri kwa shedi yake kuli milu ya njinga zakufa, ndipo anakumba m'menemo mpaka anapeza thupi la Mikuni ya DT ina, lakuda ndi fumbi koma timizati tili tamoyo. Analinyika, analipopera, n'kusamutsiramo fuloti, singano yaitali ndi jeti yaikulu za amalume. Jeti yaing'ono anaichotsa m'kachitini kake ka zakale. Anthu odziwa njinga za 2T motere akutha. Anyamata ambiri okonza njinga m'misika yathu aphunzirira pa za kabaza, ndipo kabuleta ikavuta amangomanga ina chifukwa ndi yotchipa kuposa tsiku la ntchito. Sindikuwanena, ndi mmene msika ulili. Koma njinga zakale zimene zikadayenda m'midzi muno zikudalira madala ochepa ndi milu yawo ya zitsulo, ndipo ine ndinamudutsa mmodzi wa iwo pa minibasi popita kukagula chinthu cholakwika.

Silinda inapita ku Lilongwe kukapalidwa m'kati pa makina kuti ilandire pisitoni yokulirapo ndi 0.50 mm. Itabwera, amakaniko anamanga zonse, anatulutsa mpweya m'pampu ya oyilo pomasula kasikuluu kake mpaka oyilo anayamba kutuluka wopanda thovu, n'kulinganiza kebulo kuti zizindikiro za pa pampu zikumane. Kapaipi kaja anandipatsa ine kuti ndikalowetse pa kamlomo kake ndi kukamanga. M'thanki yoyamba anathiramo oyilo pang'ono podzitchinjiriza, ndipo anandiuza kuti makilomita 500 oyamba ndisathamange, ndisanyamule katundu wolemera, ndiziipumitsa pa zitunda.

Amayi anakwiya kuposa amalume, makamaka pa bodza la mnzanga wodwala, ndipo anatenga nthawi asanayambe kundiyankhula bwino. Kabuleta ya ku Malangalanga ija amakaniko anaigulitsa kwa mnyamata wina wa kabaza n'kuchotsera pa mtengo wa ntchito. Soya yense wotsala anapita ku pisitoni ndi makina, osakwana, ndipo amalume anawonjezera za penshoni yawo zimene ndinalonjeza kubweza. Tsiku lawo lotsatira la kuchipatala ndinawatenga pa njinga yomweyo, pang'onopang'ono, tikuima pa chitunda chija kuti injini ipume. Za kabaza sindinazitchulenso. Ngongole yawo ndimaliza ndikakumba mbatata ya kachewere ya kudimba.